Maso Achiwiri

Lobi, Lachitatu masana

Felista mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi cholembera pamene iwe ndi amayi ako mwapita ku Kasina kukatsanzika kwa azakhali ako. Ndadikira dala kuti muchoke, chifukwa amayi ako akanakhalapo akanandiimirira kumbuyo n'kumandikonzera zilembo ngati mwana wa Sitandade 3. Mawa ukwera basi ya ku Lilongwe, mkuja ndege ya ku Ethiopia, ndipo ine ndimadzidziwa: pa siteji ndidzangokuuza kuti usamale sutikesi, basi. Ndikafuna kunena zenizeni pakamwa panga pamauma. Ndiye ndalemba.

Lero mtima wanga uli m'malo, koyamba m'zaka ziwiri. Pasipoti ili m'manja, dzina lako lili pa mndandanda wa ana amene boma likuwatumiza kukaphunzira kukonza ndege, ndipo palibenso amene angalifufute. Koma pali katundu mmodzi amene sindifuna kuti ukwere naye ndegeyo. Iwe umadziwa kuti chaka chatha anakusiya chifukwa masamu ako anachepa, ndipo ukuganiza kuti chaka chino akutenga mokumvera chisoni. Anakuuza zimenezo ndine, ndipo linali bodza. Werenga mpaka kumapeto, kuti ukamakwiya ukwiye ukudziwa chimene ukukwiyira.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga koyamba m'shedi ya ndege, ndili wa msinkhu wakowu. Kampani yathu inkakonza ndege zing'onozing'ono, za m'maesiteti, za amishoni, ndi zina zopopera mankhwala m'minda. Tsiku lina anandipatsa ntchito yomanga mawaya amene amatembenuza mchira wa ndege. Ndinamanga, ndinasaina pakadi, n'kuyamba kupukuta m'manja uku ndikuimba mluzu. Kapitawo wathu anali a Yasini, bambo wa ku Mangochi wosaseka wamba. Anandifunsa kuti, "Wamaliza?" Ndinati ndamaliza. Anati, "Waona ndani?" Ndinati ndaona ndekha, maso ndili nawo awiri. Analowetsa tochi ndi kagalasi mumchiramo n'kundiitana kuti ndisuzumire. Mawaya awiri ndinali nditawapingasa. Woyendetsa akanati akhotere kumanja, ndege ikanapita kumanzere. "Iwe ukuona zimene umafuna kumanga, osati zimene wamanga," anatero a Yasini. "Pakadipo pali mizere iwiri. Wachiwiriwo ukakhala wopanda dzina, ntchito sinathe, ndipo ndege siuluka ngakhale mwini wake atakhala nduna." Munthu wosaina pa mzere wachiwiriwo tinkamutcha maso achiwiri.

Kumene ukupitako akakuphunzitsa zimenezi m'Chingerezi chawo, koma nkhani yake ndi yomweyi. Ntchito yako uzionetsa kwa mnzako, ngakhale mnzakoyo akhale amene simumwerana madzi. Ukakhala mtsikana pakati pa anyamata, ndipo ukafuna kuwaonetsa kuti susowa thandizo la munthu. Ndikudziwa chifukwa liuma limenelo unatengera ine. Usachite manyazi kunena kuti, "Tabwerani mudzaone." Ine ndinakalamba ndili maso achiwiri a anzanga m'shedi muja, ndipo amene ankandiitana mosavuta ndi amene anali akatswiri.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuchita ndili ndi imvi kale. Titangovota, matipate atalowa, zinthu zambiri zinatseguka, ndipo zina zinatseguka kuti ntchito ituluke. Eni ndege anayamba kuzitumiza ku Joni, ati kumeneko n'kotchipa. Zina zinabwera ndi mainjini atsopano amene ife tinalibe mapepala ake otilola kuwagwira. Shedi imene tinkasowa poponda inatsala ndi ndege imodzi yopanda mapiko, ifeyo n'kumasesa pansi posesa kale. Lachisanu lina bwana wa kampani anatiitana mmodzimmodzi mu ofesi. Anati njira zilipo ziwiri: kulandira kalata yochotsedwa ntchito, kapena kusaina fomu yonena kuti ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga. Anati osiya okha adzalandira kalata yabwino ya umboni, ndipo ntchito ikadzabwerera adzayamba kuitanidwa ndi iwo. Ine za kalata ya umbonizo sindinazimve n'komwe. Chimene chinalira m'khutu mwanga ndi liwu lakuti kuchotsedwa. Ine Gervazio, amene kuno kwathu amanditcha a Pailoti ngakhale ndinakwera ndege kawiri kokha moyo wanga wonse, ndikafike pa Lobi anthu azikati anamuchotsa, ngati munthu woba mafuta? Ndinasaina nditaimirira, magalasi ali m'thumba. Munthu amene ndinkatha theka la tsiku ndikuyang'ana bawuti imodzi ndisanaike dzina langa, pepala la moyo wanga ndinalisaina ngati ndikulandira phukusi ku positi.

Mwana wanga, usamasaine chinthu utaimirira. Khala pansi, werenga, ndipo wina akamakufulumizitsa uziwerenga pang'onopang'ono kuposa pamenepo. Akakuuza kuti anzako onse asaina kale, uwayankhe kuti ndiye sachedwa ndi iwe mmodzi. Ndikubwereza chifukwa ndikudziwa kuti mawu angawa uwawerenga mothamanga: pepala lililonse lofuna dzina lako ligone kaye, lionedwe ndi munthu wina.

Kulakwa kwachitatu kunali kubisa. Ndinafika pano ndi bokosi langa la masipanala n'kunena kuti ndili pa tchuthi. Mwezi unatha. Wachiwiri unatha. Ndinkadzuka m'mawa kuvala ovolosi n'kumazungulira nyumba kufunafuna chomasula, mpaka njinga ya akatekisiti ndinaikonza kawiri isanawonongeke. Tsiku lina amayi ako akuchonga makope a ana awo a sukulu anangoti, osadzutsa mutu, "Bambo a Felista, tchuthi chimenechi ndi chanu nokha, kapena ndege zonse za m'Malawi zili pa tchuthi?" Ndinavomera kuti shedi yatsekedwa. Koma za pepala lija sindinanene. Kope langa la pepalalo ndinalikulunga m'jumbo n'kuliika pansi pa bokosi la masipanala, podziwa kuti m'menemo simulowa dzanja la munthu wina. Ndinali ndi mphunzitsi m'nyumba, mayi amene amawerenga ngakhale pepala lokulungira usipa, koma ine ndinasankha kukhala ndi maso anga okha.

Za boma ndinalakwa mbali zonse ziwiri, ndipo ndikufuna umve bwino chifukwa boma lomwelo ndi limene likukutumiza. Poyamba ndinalikhulupirira ngati Uthenga Wabwino. Wailesi itanena kuti nduna yamva kulira kwa anthu okonza ndege ndipo ichitapo kanthu, ndinachapitsa jekete. Phungu atabwera pa bwalo la mpira n'kundiloza pagulu kuti a Pailoti awa abwerera kuntchito posachedwa, ndinaimirira n'kugwedeza chipewa, anthu akuomba m'manja. Mvula inagwa, tinabzala, tinakolola nyemba, kunali zii. Pamenepo ndinatembenuka n'kukhala mlaliki wa ku chigayo, kumene ndinali nditayamba kugwira ganyu yokonza injini. Aliyense wobwera ndi thumba la chimanga ankapita ndi ufa komanso ulaliki wanga wakuti boma ndi pakamwa chabe. Ndiye tsiku limene analengeza zenizeni ndinatsala pang'ono kuzimitsa wailesi. Anati komiti yapeza kuti ndege zikuthawira kunja chifukwa kuno kulibe anthu a mapepala a mainjini atsopano, choncho boma litumiza kusukulu anthu amene anachotsedwa ntchito, ndipo amene akalamba atha kupereka malo awo kwa mwana amene anakhoza Fomu 4 ndi masamu ndi sayansi.

Sindinaganize kawiri. Maso anga anali atayamba kale kuchita nkhungu, ndipo m'nyumba muno munali munthu amene anamasula wailesi ya amayi ake ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, n'kuibwezera ikulira bwino kuposa kale, kupatula kuti inatsala ndi tizitsulo tiwiri patebulo. Ukukumbukira mmene unalumphira nditakuuza. Ndinanyamula satifiketi yako n'kupita ku ofesi ya boma ku Lilongwe. Mndandanda unali utamatidwa pakhoma. Mayina a anzanga analipo, ngakhale la mnzanga wina amene sankasiyanitsa sipanala ya teni ndi ya thwelofu. Langa panalibe. Kalaliki wake, mayi wa magalasi aakulu, anatsegula fayilo n'kundiuza mwaulemu kuti, "Bambo, inu simunachotsedwe. Apa mwalemba kuti munasiya mwa kufuna kwanu. Thandizoli ndi la ochotsedwa." Satifiketi yako sanaione n'komwe. Inabwerera m'thumba mwanga mmene inachokera kuno.

Tsopano ndafika pa kulakwa kumene kwandilembetsa kalatayi. Nditatsika matola pa Lobi ndinakupeza ukundidikira pansi pa mtengo wa bulugama uja, milomo itauma ndi mphepo. Unandilandira chikwama n'kufunsa kuti, "Abambo, zayenda?" Njira yonse ndinkakonza mawu oona, koma nditaona nkhope yako anathawa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ati masamu ako achepa pang'ono." Sindinakonzekere bodza limenelo, koma sindinalibwezenso. Iwe unangoti, "Chabwino, abambo," n'kutsogola ndi chikwama. Ndinayenda pambuyo pako mpaka kunyumba ndikuyang'ana zidendene zako.

Chaka chimene chinatsatira ndinachiona chonse, usaganize kuti sindinkaona. Unasiya kubwera ku chigayo kudzandigwirira tochi. Unasiya kwaya. Loweruka lililonse unkayenda wapansi kupita kwa mphunzitsi wopuma uja kukabwereza masamu amene unali utawakhoza kale, n'kubwerako mapazi ali mbuu. Tikukumba mbatatesi kudimba ndinakumva ukuuza msuweni wako kuti mutu wako ndi wa khasu basi. Ndinali mzere wachitatu kuchokera pamene unali, ndipo ndinapitiriza kukumba. Ndinkadziuza kuti ndikuuza mawa, kenaka ikatha Pasaka, kenaka tikakolola. Kunena zoona ndinkaopa kuti usiya kundiona ngati munthu wodziwa zinthu. Ndinasunga ulemu wanga, wolipira n'kukhala iwe. Ndikuchita manyazi polemba izi, ndipo ndiyenera kuchita manyazi.

Anatipulumutsa ndi amayi ako, ndi nkhuku zawo. Waya wa khola unaduka ine ndili ku chigayo, iwo n'kutsegula bokosi langa kufuna pulayala. Anakhuthula zonse pansi monga amachitira, n'kupeza jumbo ija. Sanandifunse tsiku lomwelo. Anadikira Lamulungu titabwera ku Misa, iwe utapita kumtsinje, n'kundikhazika patebulo ngati mwana wobwera mochedwa. Anawerenga fomu yonse mokweza, kawiri. Atafika pakuti mwa kufuna kwanga anandiyang'ana pamwamba pa pepala. "Ndiye masamu a mwana aja ndi amenewa?" Ndinati ndi amenewa. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. Anabwerera papepala, chala chikuyenda mzere ndi mzere mpaka pansi penipeni, n'kuima. "Nanga apa alemba kuti mboni, bwanji palibe dzina?"

Ndinavala magalasi. Pansi pa dzina langa panali mzere wachiwiri, woyera ngati tsiku limene unasindikizidwa. Bwana uja pofulumira kutitulutsa sanaitane munthu woti achitire umboni, ndipo ine, amene ntchito yanga yonse inali kuyang'ana mzere wachiwiri, ndinasunga pepalalo chaka ndi miyezi osauona. Ndinaseka, Felista, mpaka misozi, amayi ako akundiyang'ana ngati ndapenga. Ndinati, "Mayi, ndege iyi siuluka." Iwo anati, "Zoti iuluka kapena siuluka mukanene ku Lilongwe. Ndipo ulendo uno tipitira limodzi, chifukwa nokha mumabwerako ndi nkhani zina."

Tinapeza kalaliki yemwe uja. Ndinamuyalira pepala n'kunena kuti, "Mayi, kuntchito kwathu kadi ya dzina limodzi ndi ntchito yosatha. Kaya kuno ku boma zimakhala bwanji." Anatulutsa kope la mufayilo, nalonso mzere uli mbee. Kenaka anati, "Dikirani pabenchipo," n'kukwera nalo pamwamba. Sizinathe tsiku limenelo. Anatiuza kuti tibwere sabata ya mawa, sabata ya mawayo bwana wa ofesiyo anali ku maliro, ulendo wina fayilo inali kwa a zamalamulo. Amayi ako ankalemba m'kope dzina la aliyense amene talankhula naye ndi zimene wanena, ndipo anthu akaona kopelo ankakhala tsonga. Ulendo wachisanu mayi uja anatiuza kuti fomu yopanda mboni ilibe mphamvu, ine ndili m'gulu la ochotsedwa, pamodzi ndi anzanga ena atatu amene anasaina mopusa ngati ine. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzathokoza munthu chifukwa chondiuza kuti ndinachotsedwa ntchito, koma ndinamugwira dzanja ndi manja awiri.

Kenaka anati, "Tione za mwanayo." Ndinamupatsa satifiketi yako, yoyamba yomwe ija, ya mayeso amene unalemba kamodzi. Anayang'ana, anatsegula fayilo ya amene anapita chaka chatha, anayang'ananso. Mawu ake ndikulemba mmene anawanenera, amayi ako ndi mboni: "Mwana ameneyu anali kuti chaka chatha? Masamu awa aposa a anyamata onse amene tinatumiza." Tili m'basi pobwerera amayi ako anati, "Mumuuza nokha. Ine sindikuuzirani." Miyezi itatu yapita, ndipo nonse awiri mukudziwa tsopano kuti a Pailoti ndi amantha.

Choncho za boma ndikuuze zimene ndaphunzira mochedwa. Si Mulungu, komanso si mdani. Ndi anthu okhala pa matebulo, ena aulesi, ena ngati mayi wa magalasi uja, ndipo onse amayenda ndi mapepala. Za pawailesi uzimva ndi khutu limodzi. Koma akatsegula khomo, lowa, ufunse dzina la amene ukulankhula naye, usunge kope la pepala lililonse, ndipo akati ubwere mawa ubweredi mawa. Ukandifunsa ngati ntchito idzakhalepo pobwera, sindikunamizanso: sindikudziwa. Nduna ikuti ndege zidzayambanso kukonzedwa kuno, ndipo ine nyimbo imeneyo ndinaivinapo kale. Koma luso likalowa m'manja silituluka ndi kalata ya bwana. Manja amene ankagwira injini ya ndege ndi omwewa akudyetsa nyumba ino ndi chigayo, mapampu a kudimba ndi thirakitala ya ku mishoni, ndipo sindikudandaula. Ngakhale chifuwa chimene ndinkadwala ndi utsi wa m'shedi chinatha ndi mphepo ya kuno.

Zina ndi zazing'ono, amayi ako akuuza kale kakhumi. Akuti kumeneko kumazizira, koma mwana wa ku Dedza sangakaphedwe ndi mphepo ya eni ake. Tenga juzi yofiira ija basi. Zakudya zikakhala zachilendo idya, usakachite matama ndi njala. Zida zako uziziwerenga pomaliza ntchito, chilichonse chibwerere pamalo pake usanavule ovolosi, chifukwa sipanala yosowa nthawi zambiri imakhala m'mimba mwa ndege. Mnyamata akadzakuuza kuti ntchito imeneyi si ya akazi, usakangane naye, mupemphe adzaone ntchito yako. Wina akadzakuuza mawu okoma, amenewonso afunika maso achiwiri, ndipo amayi ako ali ndi maso okwanira dziko lonse. Uziwalembera kawirikawiri. Ukalakwitsa kanthu kuntchito, nena tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, usanayambe kukonza mawu. Ine ndaona kuti mawu okonzakonza ndi amene amasanduka bodza.

Ndikuona anthu awiri akutsika njira ya kuchitunda, mmodzi wasenza dengu, ndiye kuti azakhali ako akupatsira nyemba zoti ukadyetse Ethiopia yense. Nditseke.

Sindikupempha kuti undikhululukire mawa pa siteji. Ukafuna kukhala chete, khala chete, sutikesi ndinyamulabe. Chaka chimene ndinakudyera sindingakubwezere, ndipo ndikudziwa kuti maulendo a Loweruka aja sadzachoka m'miyendo mwako msanga. Chimene ndingathe ndi kukuchotsera bodza langa usanakwere, kuti likhale kuno ndi mwini wake. Sunalephere, mwana wanga. Palibe amene wakumvera chisoni. Tsiku loyamba ukalowa m'kalasi usakafune mpando wa kumbuyo kufupi ndi chitseko, monga wakhala ukuchitira ku tchalitchi chaka chonsechi. Ukapite kutsogolo ukakhale pansi. Malo amenewo anali ako kuyambira chaka chatha.

Ambuye akutsogolere, upite bwino.

Ndine bambo ako,
Gervazio